Sipika si nthochi yoti mukavundika ipsa

Abale anzanga, sabata ino andale apumeko kaye, nawonso ndi ana a anthu. Lero ndabwera ndi nkhani ya kwathu kunsi kwa mapiri, nkhani ya mphwanga, mwana wa mlongo wanga wa ku Mtakataka, ndi masipika ake awiri amene anasowetsa anthu tulo kwa masabata awiri athunthu.

Mnyamatayu si mlesi ayi. Amalima mpunga kusikimu ya Bwanje, ndipo ulendo uno mbewu inamukonda. Atakolola anandiyimbira foni nati, "Amalume, khasu lokhali lindikalambitsa msanga. Ndikufuna kabizinesi kapambali."

Maganizo ake anali abwino ndithu. Inu amene mumaudziwa msewu wa M5, kuchokera pa Golomoti kudutsa pa Mua mpaka pa Mtakataka, ndinu mboni. Anthu akangokolola, sipadutsa Loweruka popanda chinkhoswe, ukwati kapena kumanga chiliza. Ndipo masiku ano mwambo ukakhala wopanda zoyimbira anthu amafunsana kuti kodi kwagwanji? Ngakhale pamaliro penipenipo abusa safuna kulalika popanda chimkuzamawu. Ndiye munthu amene ali ndi masipika ndi ampulifaya sagona ndi njala.

Anagulitsa matumba 14 a mpunga, n'kukwera minibasi ya ku Lilongwe. Kumeneko, m'sitolo ina imene sinditchula dzina, anapeza zimene mtima wake unkafuna: masipika awiri a mainchesi 15, aatali kulekeza m'chiuno, okhala ndi timagetsi tothwanima ngati ziphaniphani, kuphatikizapo ampulifaya yake.

Pomuyesera m'sitolomo, mphwanga anamva kuti sipika imodzi ikulira mosasa, maka woyimba akakweza mawu. Atafunsa, wogulitsayo anamugwira paphewa n'kuseka.

"Aise, imeneyi ndi nyuwani, sinamasuke. Ukayiyimbe tsiku ndi tsiku, mwamphamvu, masabata awiri. Udzandiuza wekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mwambiwo ndi wabwino, koma mwambi ukatuluka pakamwa pa wogulitsa, gwirani thumba. Palisiti limene anamupatsa panalembedwa kuti katundu wovuta abwezedwe pasanathe masiku 7. Masiku 7 palisiti, masabata awiri pakamwa. Samu imeneyi mphwanga sanayiwerengere.

Atafika kumudzi anayamba ntchito yomasula sipika. Kum'mawa nyimbo, masana nyimbo, usiku nyimbo, batire ikafooka n'kubwereka ya mnzake. Tsiku la khumi ndi chiwiri mlongo wanga anandiyimbira: "Achimwene, bwerani mudzalankhule naye mphwanuyu. Nkhuku zasiya kuikira, ndipo anyakwawa atumiza kale mthenga kawiri."

Ndinatsika Khwekhwerere Lachisanu, kusiya kamphepo ka Dedza n'kulowa m'ng'anjo ya kuchigwa. Ndisanaone denga la nyumba ndinali nditamva kale kuti ndafika. Mphwanga anandichingamira akumwetulira mano onse pamtunda.

"Amalume, mwafika nthawi yabwino. Tamvani mmene yamasukira!"

Ndinatchera khutu. Sipika ya kumanzere inkayimba bwinobwino. Ya kumanja inkamveka ngati mwatsekera njuchi m'chitini.

"Iwe, njuchi imeneyi sukuyimva?"

"Njuchi itinso, amalume? Poyamba inalidi choncho, koma pano yasintha. Vuto inu makutu anu anazolowera wailesi ya Nzeru ija."

Ndinamuleka aseke. Kenaka anandiyalira mfundo zake, ndipo kunena zoona sizinali zopusa. Anati njinga yamoto ya kabaza ikakhala yatsopano amayamba kuyiyendetsa pang'onopang'ono kuti injini ikhazikike. Nsapato yatsopano imaluma, koma pakapita masiku imagonja. Chitenje chatsopano chimakhala chokhakhala, ukachichapa chimafewa. Nanga sipika ilekerenji?

Amene anatiweruza mlanduwu ndi mlongo wake wamng'ono, mwana wa Fomu 2. Iyeyu tsiku limene masipika anafika anajambula kanema pafoni kuti akaonetse anzake. Tinazimitsa zoyimbira, n'kumvera kanemayo. Kenaka tinayika nyimbo yomweyo, mtsikanayo n'kuyima pamalo pomwe anayima tsiku lija, n'kujambulanso. Titamvera ziwirizi motsatizana, njuchi inalimo monse muwiri. Kusiyana kwake kunali kwakuti ya tsiku loyamba inali kanjuchi, ya tsopano inali itakula.

Mphwanga anangoti kukamwa yasa.

Tinasinthanitsa mawaya, wa kumanja kupita kumanzere, kuti tione ngati vuto likuchokera ku ampulifaya. Njuchi inakhalabe m'bokosi lake lomwelo. Mawa lake tinamangirira sipikayo panjinga yamoto, ulendo wa pa Golomoti kwa mmisiri wina wokonza mawailesi, bambo wachikulire amene wakhala akununkhiza mawaya opserera kuyambira nthawi ya makaseti.

Mkuluyu sanalumikize n'komwe kumagetsi. Anamasula sefa ya kutsogolo, n'kuyala zala zake mozungulira pakati pa pepala lakuda lija, n'kukankha pang'onopang'ono. Tonse tinamva: khwe, khwe, khwe.

"Mwamva, achikulire? Koyilo ikukhula. Imeneyi ngakhale muyiyimbe mpaka Yesu adzabwere, siidzachira."

Apa mundilole ndifotokoze zimene anationetsa, pakuti ambirife timagula bokosi osadziwa zimene zili m'kati. Chikomekome cha mkuyu, paja m'kati muli nyerere.

Sipika ili ndi ziwalo zochepa. Kutsogolo kuli pepala lolimba looneka ngati mbale, ndilo limakankha mpweya kuti khutu limve mawu. M'mphepete mwake muli lamba wa mphira kapena wa nsalu wogwiriziza pepalalo kuchitsulo. Kumbuyo kuli kansalu kena kozungulira, kamakwinyamakwinya, konyikidwa mu utomoni kuti kalimbe, kamene amisiri amakatcha kangaude. Ndiye pali koyilo, waya wa kopa wopyapyala wokulungidwa pa kachubu, imene imalowa ndi kutuluka m'kampata kopapatiza ka maginito. Magetsi a nyimbo akamadutsa mu koyilo, maginito amayikankha ndi kuyikoka, pepala n'kumanjenjemera. Basi, matsenga onse ndi amenewo. Kapangidwe kameneka anakalongosola ndi akatswiri awiri a kampani ya General Electric ku America, Chester Rice ndi Edward Kellogg, m'chaka cha 1925. Zaka zoposa 100 zapitapo koma bokosi la mphwanga likuyendera nzeru yomweyo.

Tsono funso lija: kodi sipika yatsopano imamasuka?

Yankho loona ndi lakuti inde, koma pang'ono, ndiponso msanga. Kangaude uja akamachoka kufakitale amakhala wouma ngati chitenje chosachapa. Sipika ikayamba kugwira ntchito, utomoni uja umathyokathyoka, nsaluyo n'kufewerapo, lamba wa m'mphepete nayenso chimodzimodzi. Zikatero besi imatsikirako pang'ono. Akatswiri akayeza ndi makina awo amakuonadi kusinthaku. Koma gawo lalikulu limachitika m'maola oyambirira, osati mwezi, ndipo sipika ikakhala m'bokosi lake kusinthako kumachepa moti khutu la munthu wamba silingakuloze. Sipikanso ikapuma usiku, kuuma kwina kumabwereramo.

Chinanso, mphira amamvera nyengo. Kukazizira amauma, kukatentha amafewa. Sipika yomweyo mukayiyimba pa Dedza boma m'mwezi wa Juni, mamita oposa 1,500 pamwamba pa nyanja yamchere, kenaka n'kutsika nayo ku Mtakataka mu Okutobala, mphira wake sakhala chimodzimodzi. Koma sindinamvepo munthu akunena kuti sipika yake yaphunzira kuyimba chifukwa yatsika Khwekhwerere.

Nanga ampulifaya ndi mawaya? Mmenemo mulibe chiwalo choyenda choti chifewe. Ampulifaya imafunda pakapita mphindi zingapo, n'kukhazikika, nkhani yathera pomwepo. Waya ndi waya, lero ndi mawa. Wina akadzakuuzani kuti waya wake amafuna mwezi kuti azolowere nyimbo, mufunseni ngati waya wa ESCOM nayenso anayamba wapita kusukulu.

Chimene chimasinthadi kamvekedwe kwathu kuno ndi mphamvu ya magetsi. Pa Golomoti pomwepo pali munda wa sola wa mamegawati 20 umene unayamba kugwira ntchito mu 2022, koma anyamata ambiri a zoyimbira m'midzi amadalira batire, kasola ka padenga kapena kajenereta. Batire ikafooka ampulifaya imapereka mawu ophwanyika, ikadzaza mawu amayera. Munthu n'kumati sipika yamasuka, chonsecho dzulo kunali mitambo, lero kwawala dzuwa.

Fanizo la njinga yamoto lija mmisiri wa pa Golomoti analiyankha bwino. Anati mu injini zitsulo zinapangidwa kuti zizikhudzana, muli oyilo, ndiye zikamakhulana poyamba zimasalala. Mu sipika koyilo siyenera kukhudza chilichonse. Imayenda m'mpata wochepa kwambiri, mwina wongokwana kapepala kolimba mbali iliyonse. Ikakhala kuti anayimata mokhota kufakitale, kapena bokosi linagwa panjira, imayamba kukhula chitsulo. Ikamakhula, vanishi wokuta waya amasupuka, mapeto ake waya amaduka kapena kupsa. Kuyimba sipika yotere mwamphamvu kuli ngati kuthamangitsa munthu wa chilonda kuphazi kuti chipole.

Ndipo langizo loti "mwamphamvu" lija ndiye poyizoni weniweni. Koyilo ikamagwira ntchito imatentha, ndipo kopa akatentha amakaniza magetsi: kutentha kukakwera ndi madigiri 10, kukanizako kumakwera ndi pafupifupi 4 pa 100 alionse. Ndiye phwando likafika pakati, koyilo ili moto, sipika imayamba kumveka yofooka. Mnyamata wa zoyimbira amatani? Amawonjezera voliyumu. Koyilo n'kutenthanso kuposa pamenepo, guluu n'kusungunuka, kenaka kafungo kaja timakadziwa tonse, akwati ali pakati povina. Akuluakulu anati ng'oma yoliritsa siichedwa kung'ambika.

Tsono ngati sipikayo inkaipiraipira, bwanji mphwanga ankalumbira kuti yasintha? Kodi ankanama?

Sankanama. Chimene chinamasuka ndi khutu lake. Munthu wokhala pafupi ndi chigayo salimva phokoso la chigayo, amadzidzimuka chikazima. Amene nyumba zawo zili m'mphepete mwa M5 amagona tulo tabwino malole akudutsa, mlendo ndiye amachezera kutembenuka. Wogulitsa usipa samva fungo la usipa. Ubongo wa munthu ukamva chinthu chomwechomwecho tsiku ndi tsiku umachikankhira kumbuyo. Komanso khutu silisunga kamvekedwe kenikeni nthawi yaitali. Pakangopita kamphindi timatsala ndi chithunzithunzi chabe. Ndiye munthu angayerekeze bwanji za lero ndi za masabata awiri apitawo popanda chojambulira?

Onjezanipo matumba 14 a mpunga. Munthu amene wataya thukuta la chaka chonse pa chinthu, mtima wake umafunitsitsa kuti chinthucho chikhale chabwino, ndipo khutu limamvera mtima. Izi sizichitikira a ku Mtakataka okha. M'chaka cha 1994 akatswiri awiri a zamawu, Floyd Toole ndi Sean Olive, pa kampani ya Harman ku America, anamvetsera anthu masipika osiyanasiyana. Anthuwo akuwaona, masipika aakulu, okongola ndi okwera mtengo ankapatsidwa mamalikisi ochuluka. Atawabisa kuseri kwa katani, kusiyana kwa mamalikisi kuja kunachepa zedi. Ena mwa oyesedwawo anali anthu ozolowera ntchito yomvetsera masipika. Ngati maso amanamiza khutu la katswiri, kuli bwanji la mphwanga amene anagwa m'chikondi ndi timagetsi tothwanima?

Pali kuzolowera kwina kumene kunandiopsa. Usiku umene ndinagona kumeneko, mphwanga anadandaula kuti m'makutu mwake mukulira nkhululu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu angamvere phokoso la madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata popanda chiopsezo, koma likafika pa 100, limene ndi phokoso la pafupi ndi sipika ya disiko, nthawiyo imatsika kufika pa mphindi 20 zokha pa sabata. Iyeyu anakhala masiku 12 mutu uli pabokosi. Sipika ikapsa amayikulunganso koyilo. Khutu likapsa kulibe mmisiri wake, ngakhale pa Golomoti.

Pobwerera tinayima pa Mua, kumene Azibambo Oyera anakhazikitsa mishoni mu 1902, ndipo bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni mu 1976. Kufupi ndi kumeneko kuli agogo ena, msuweni wa malemu bambo anga, amene manja awo anakulira pa mbalule. Mphwanga, pofuna kupulumutsako ulemu wake, anawafunsa kuti, "Agogo, nanga si ng'oma yatsopano imayamba yavuta, kenaka n'kumalira bwino?"

Agogowo anayamba afwenkha fodya wawo wapamphuno, kenaka anati:

"Mdzukulu wanga, chikopa chatsopano chimakhazikikadi, timachikunganso. Koma ng'oma timayiwamba pamoto tsiku lililonse lovina, mame akagwa timayiwambanso, phula likachepa timamatanso. Imeneyo ndi ntchito ya mwini ng'oma, siichita yokha. Tsono ng'oma ikakhala kuti mtengo wake unang'aluka posema, ungayiombe chaka chonse, mng'aluwo ukungokula. Wosema wachilungamo amakupatsa ina."

Mphwanga sanafunsenso funso lina mpaka tinafika kunyumba.

Lolemba anabwerera ku Lilongwe ndi sipika yake. Wogulitsa uja, yemwe uja wa maso a nkhono, anayang'ana lisiti n'kunena kuti masiku 7 anadutsa kalekale. Atanunkhiza sipikayo anawonjezera kuti, "Komanso iweyo wayiwotcha wekha, umayimba mokweza kwambiri." Taonani msampha wake mmene unatcheredwera, abale. Langizo limodzi lomwelo linadya masiku obwezera katundu, n'kupatsanso wogulitsa chonamizira. Sindikunena kuti onse amene amanena zomasukazi ndi akuba. Ambiri amakhulupiriradi zimenezo, nawonso anangomva kwa anzawo. Koma kaya anena mwadala kaya mosadziwa, wolira ndi wogula.

Ndamulangiza mphwanga kuti akadandaule ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lija amati CFTC, limene lakhala likuchenjeza eni sitolo kuti zikwangwani zoti katundu akagulidwa sabwezedwa n'zosemphana ndi lamulo. Lisiti ali nalo, ndipo kanema wa mlongo wake uja ndi umboni woti njuchi inabwera ndi bokosi kuchokera kusitolo. Koma pakadali pano chinkhoswe chimene anamulonjeza pa Mua chapita kwa mnyamata wina, chifukwa palibe mwini mwambo amene angalipire sipika imodzi. Mpunga wa chaka chonse wakhala pakona, wafunditsidwa chitenje.

Ndiye inu a makwaya amene mukusonkherana ndalama za zoyimbira, inu anyamata a disiko, inu akuluakulu a mipingo ndi mizikiti amene mukufuna chimkuzamawu chatsopano, wakutsina khutu ndi mnansi.

Musalole kuti akuyesereni ndi nyimbo ya besi yokhayokha, voliyumu ili kumwamba, chifukwa phokoso limabisa zambiri. Auzeni atsitse, ayike mawu a munthu akulankhula, monga nkhani za pawailesi. Liwu la munthu tonse timalidziwa, likasasa mudzamva. Mverani sipika iliyonse payokha. Ngati mwagula ziwiri zofanana, zizimvekanso mofanana. Imodzi ikamalira mwina, yavuta ndi imeneyo, musayembekeze kuti idzafanana ndi inzake. Tengani munthu wina amene sanasonkhe nawo ndalama, khutu lake lilibe ngongole ndi bokosilo. Jambulani pafoni tsiku loyamba. Lisiti musalisiye, ndipo muwerenge masiku amene alembapo musanatuluke pakhomo.

Wogulitsa akakuuzani kuti imasuka pakatha masabata awiri, muyankheni mwaulemu kuti, "Zikomo achimwene, ndiye muyimasule inuyo konkuno, ndidzabwera ndi ndalama pakatha masabata awiriwo." Mudzaona mmene nkhope yake isinthire.

Sipika yabwino imamveka bwino tsiku loyamba lomwelo, ndipo kufewa pang'ono kumene kumabwera pambuyo kumadza kokha mukamayimba mwachizolowezi, popanda kusowetsa tulo anyakwawa. Sipika yoipa ndi yoipa basi. Nthochi ndiye timavundika.

Ndinalonjeza kuti andale apuma sabata ino, ndipo sindiphwanya lonjezo. Ndingoti mawu akuti "ndi zatsopano, zipatseni nthawi, zimasuka" ena a ife tinayamba kuwamva mu 1994, ndipo sikunali kusitolo ya masipika. Kaya zinamasukadi, kaya ndi makutu athu amene anazolowera njuchi, mukafunse mwana wa Fomu 2 amene anasunga kanema.

Nkhuku za mlongo wanga zayambanso kuikira. Tionane sabata ya mawa.